Ayeseni pa Zochepa Asanagwire Zambiri: Kuphunzitsa Ana a Sukulu Kusamala Ndalama

Chidule cha khutba ya Lachisanu

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini chuma chonse, amene amadyetsa akapolo ake kuchokera pamtunda ndi m'nyanja, ndipo adzawafunsa za chilichonse chimene adawapatsa. Mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, amene adadziwika ndi kukhulupirika pa malonda asanapatsidwe uneneri, komanso kwa akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, nkhani yathu lero ndi ya ana athu a sukulu ndi ndalama zimene zimadutsa m'manja mwawo.

Kuno kunyanja ndalama sizidikira kuti mwana akule. M'madera ena munthu amayamba kugwira ndalama zakezake atamaliza sukulu. Koma kuno, kuyambira ku Makanjira, Malindi, Namiasi, Makawa, Chembe, Msaka, Malembo mpaka m'madoko a nyanja ya Malombe, mnyamata wa zaka 10 amadziwa kale kuti boti likakocheza, iye akathandiza kukoka kapena kunyamula ndowa, apatsidwa nsomba za ndiwo, ndipo nsombazo angathe kuzigulitsa pomwepo. Mtsikana wa msinkhu womwewo amayanika usipa pa thandala n'kulandira kangachepe. Wina ndi amene amawerengera agogo ake uthenga wa pafoni wonena kuti amalume a ku Joni atumiza ndalama, ndipo ndi yemweyo amene amakatapa. Choncho ndalama zimafika m'manja mwa mwana nzeru zozisamalira zisanafike m'mutu mwake. Zotsatira zake tikuziona tonse: mwana amayamba kujomba Lolemba, kenako sabata yathunthu, mapeto ake amanena kuti sukulu ikumuchedwetsa.

Kulanda anawa ndalama sikungathetse vutoli, pakuti mawa adzapeza zina. Chofunika ndi kuwaphunzitsa, ndipo njira yophunzitsira idafotokozedwa kale m'chipembedzo chathu.

Lamulo la kuyesa ana

Mu Surah An-Nisa, ndime 5, Allah akuletsa kupereka chuma m'manja mwa anthu osakhwima maganizo, ndipo akutikumbutsa kuti chuma ndicho mzati umene moyo wa anthu watsamirapo. Ndime yotsatira, ya 6, ikulamula osunga ana amasiye kuti aziwayesa anawo kufikira atatha msinkhu, ndipo akaona mwa iwo kukhwima maganizo, kumene m'Chiarabu kumatchedwa rushd, apo ndi pamene awapatse chuma chawo pamaso pa mboni.

Taonani zinthu ziwiri m'ndime zimenezi. Choyamba, kutha msinkhu pakokha sikukwanira. Munthu angathe kumera ndevu, kukwatira ndi kubereka, koma osadziwa kusunga K1,000 kufikira mawa. Chachiwiri, kuyesako kumayamba mwana adakali wamng'ono, ndipo munthu sayesedwa pa chinthu chimene sadaphunzitsidwe. Ndiye kuti lamulo la kuyesa lanyamula m'kati mwake lamulo la kuphunzitsa.

Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri a kuno timatsatira madh-hab ake, adamasulira rushd kuti ndi kulungama m'chipembedzo pamodzi ndi kulungama pa chuma, zonse ziwiri. Imam An-Nawawi, m'buku lake la Minhaj at-Talibin, adafotokoza kayesedwe kake: mwana wa munthu wamalonda ayesedwe pa kugula, kugulitsa ndi kunenerera mtengo, mwana wa mlimi ayesedwe pa zakumunda ndi kalipiridwe ka antchito, mwana wa mmisiri ayesedwe pa zokhudza ntchito ya mnyumbamo. Adaonjezanso kuti kuyesako kubwerezedwe kawiri kapena kuposa apo, kuopa kuti mwana angakhoze mwamwayi chabe. Potengera mfundo imeneyi, mwana wa msodzi ayesedwe pa nsomba, mwana wa mayi wa geni ya usipa ayesedwe pa usipa, mwana wa telala ayesedwe pa nsalu ndi ulusi.

Mtumiki (S.A.W.) mwini wake adaonetsa njira imeneyi. Imam Bukhari adalandira nkhani yakuti Mtumiki adapereka dinari imodzi kwa Urwah Al-Bariqi kuti akamugulire mbuzi. Urwah adagula ziwiri ndi dinariyo, nagulitsa imodzi pa dinari, nabwerera ndi mbuzi pamodzi ndi dinari. Mtumiki adamupemphera madalitso pa malonda ake. Adamupatsa chochepa, adamuuza cholinga, adalandira malipoti ake, namuyamikira. Ngati ndimezi zidatsika pa ana amasiye, amene ali ndi owayang'anira ongobwereka, kuli bwanji ana amene makolo awo ali moyo?

Zimene sukulu ikuchita ndi pamene patsala mpata

Mu 1994 boma la Dr. Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana ambiri a Chisilamu, amene agogo awo ankazemba sukulu za mishoni poopa kutaya chipembedzo, adadzaza m'makalasi. M'makalasi akuluakulu a pulayimale ana amakumana ndi masamu a phindu ndi kuluza, a chiwongoladzanja ndi a bajeti. Pambuyo pake Reserve Bank of Malawi, mogwirizana ndi Malawi Institute of Education ya ku Domasi, idalowetsa mitu ya kasamalidwe ka ndalama m'maphunziro ena a kusekondale. Imeneyi ndi ntchito yabwino ndipo tiyenera kuiyamikira.

Koma mpata ulipo pawiri. Poyamba, ana ambiri a m'boma lino, limene kalembera wa 2018 adapeza kuti lili ndi anthu oposa miliyoni imodzi, amalekezera ku pulayimale, choncho zimene zikuphunzitsidwa ku Fomu 3 sizidzawapeza. Kachiwiri, mwana amaona ngati masamu a m'kope ndi dziko lina, ndalama za kudoko ndi dziko linanso. Amakhoza funso la phindu pa mayeso, koma madzulo amagulitsa utaka moluza osazindikira. Ku madrasa nako amaloweza kuti riba ndi haraam, koma munthu akamubweretsera riba itavala dzina lina sangaizindikire. Sukulu ili ndi masamu, madrasa ili ndi malire a halal ndi haraam, pakhomo pali ndalama zenizenizo. Zitatuzi zikapanda kukumana mwa mwana mmodzi, rushd sibadwa.

Tsono nazi mfundo zisanu ndi ziwiri zimene mwana ayenera kuzidziwa asanatuluke ku pulayimale.

1. Ndalamazi zachokera kuti?

M'hadith imene adailandira Imam Tirmidhi tikuphunzira kuti pa tsiku la chiweruzo munthu adzafunsidwa za moyo wake, za maphunziro ake ndi za thupi lake funso limodzilimodzi, koma za chuma adzafunsidwa mafunso awiri: kumene adachipeza ndi kumene adachimwaza. Mafunso awiri amenewa ndiwo maziko a phunziro lonse la ndalama, ndipo mwana ayenera kuwamva koyamba kuchokera kwa makolo ake.

Mwana akabwera ndi shuga, sopo kapena foni, kholo lifunse modekha kumene zachokera lisanalandire. Pali makolo ena amene amalandira ndiwo kwa mnyamata pa tsiku la sukulu osafunsa kuti nthawi ya kalasi adali kuti. Pali enanso amene amaona mtsikana ali ndi mafuta odzola ndi zovala zatsopano, nangokhala chete, pamene kudoko kuli abambo amene mphatso zawo zili ndi mtengo woopsa. Kukhala chete kumeneko nakonso ndi phunziro: mwana amamva kuti ndalama zikangofika, njira yake ilibe ntchito.

2. Lembani

Ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole, yaing'ono ngakhale yaikulu, pamodzi ndi nthawi yake yobwezera ndi mboni zake. Ngati Allah adapereka ndime yaitali chotero ku nkhani ya kulemba, ife tingaipeputse bwanji?

Mwana wa Sitandade 4 amene akudziwa kuphatikiza ndi kuchotsera angathe kusunga kope la mizere itatu: zolowa, zotuluka, zotsala. Ayambe ndi ndalama zake zomwe, za mandasi a kusukulu, za mphatso za pa Eid, za kaganyu ka pa holide. Lachisanu lililonse, pobwera ku Jumu'ah, kholo lione kopelo. Kholo losadziwa kuwerenga lisachite manyazi. Limuuze mwanayo awerenge mokweza, ilo liwerengere ndalama zili m'manja, aone ngati zikugwirizana. M'mabanja ambiri mwana wotere amasanduka mlembi wa geni ya mayi ake, ndipo mikangano ya «ndidakubwezerani kale» imachepa.

3. Mpamba si phindu

Apa ndi pamene mageni ambiri a kuno amafera. Tiyerekeze mayi wagula usipa wa K40,000 padoko. Nkhuni ndi mchere zofutsira zatha K3,000, onyamula K2,000, ulendo wa ku Limbe kupita ndi kubwera pamodzi ndi katundu K15,000, chiphaso cha msika K1,000, chakudya cha paulendo K4,000. Zonse pamodzi ndi K65,000. Akagulitsa usipawo pa K75,000, m'chikwama mwake muoneka ndalama zambiri, koma zake zenizeni ndi K10,000 yokha. Akaganiza kuti wapindula K35,000 chifukwa adagula pa K40,000, n'kudya molingana ndi maganizo amenewo, pakatha maulendo awiri kapena atatu mpamba udzakhala utatha, ndipo adzayamba kunena kuti amulodza.

Funso limeneli mphunzitsi angathe kulilemba pa bolodi, ndipo ana adzalimva msanga kuposa funso la malalanje a m'buku, chifukwa ndi moyo wawo. Imam Abu Dawud adalandira nkhani ya munthu wa ku Madinah amene adabwera kudzapempha kwa Mtumiki (S.A.W.). Mtumiki adamugulitsira tikatundu take pa madirham awiri, namuuza kuti imodzi agulire chakudya cha banja, inayo agule nkhwangwa akateme nkhuni azigulitsa. Patapita masiku 15 munthuyo adabwerera ali ndi madirham 10. Dirham ya chakudya ndi dirham ya nkhwangwa sizidasakanizidwe. Mwana aphunzire kuti nkhwangwa sidyedwa.

4. Werengani chaka chonse, osati tsiku limodzi

Chimene chimakopa mnyamata kusiya sukulu ndi ndalama za tsiku limene nsomba zafa bwino. Musamuuze kuti ndalamazo ndi zochepa, pakuti iye waziona ndi maso ake. M'malo mwake khalani naye pansi ndi kalendala. Achotse masiku a mwera, m'miyezi yozizira, pamene mabwato amagona pamtunda. Achotse masiku amene mwezi ukuwala, pamene usipa subwera ku nyali. Achotse nyengo imene boma limatseka nyanja kumapeto kwa chaka kuti nsomba ziswane. Achotse masiku amene chilimila chang'ambika kapena injini yafa. Akumbukirenso kuti mwini zipangizo amayamba wachotsa za mafuta ndi gawo lake alovi asanagawane. Kenako ndalama za masiku otsalawo azigawe ndi masiku 365. Yankho limene adzalipeze yekha lidzamulankhula kuposa chikwapu.

Akulu amene adaona nyanja ya Malombe chambo chili mbwee awauze ana momwe chidatheramo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka asodzi kutsala ndi kambuzi. Awauzenso za abale athu amene adabwerera kuchokera ku South Africa pa mabasi a boma mu 2008 ndi mu 2015, pothawa zipolowe zodana ndi alendo, ena atangonyamula chikwama chimodzi. Amene adali atamanga nyumba kapena kugula mbuzi kumudzi adapeza pofikira. Amene ankadyera pompopompo adayambiranso pansi.

Phunziro limeneli lili mu Surah Yusuf, ndime 47 mpaka 49, pamene Mneneri Yusuf (A.S.) adalangiza Aiguputo kusunga zokolola za zaka zisanu ndi ziwiri za dzinthu kuti ziwapulumutse m'zaka zisanu ndi ziwiri za chilala. Kusunga sikutsutsana ndi kuyedzamira mwa Allah. Amene adalangiza kusungako adali Mneneri. Makolo athunso adati nkhanga zidapangana kusanapse. Mwana azolowere kupatula kagawo pa ndalama iliyonse imene walandira asanagule kanthu, ndipo kusungako kukhale ndi dzina: nsapato za sukulu, yunifolomu, nkhuku yoweta. Mwana sasungira chinthu chimene sakuchiona m'maganizo mwake.

5. Ndalama yogona imachepa mphamvu

Ana a masiku ano ayenera kudziwa chinthu chimene agogo awo sadafunikire kuchidziwa kwenikweni. Ndalama ya pepala ya K1,000 idatuluka mu 2012, ya K2,000 mu 2016, ya K5,000 mu 2022. Pepala likukula chifukwa mphamvu ya kwacha ikuchepa. Mu May 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene adakwirira ndalama m'chitini adazipeza zonse zili momwemo, osasowapo ngakhale imodzi, koma zikugula zochepa.

Mwana achite kafukufuku wake: alembe mtengo wa kope, sopo, mchere ndi paketi ya shuga kumayambiriro kwa teremu, adzalembenso kumapeto kwa chaka. Akaona kusiyana kwake adzamvetsa chifukwa chake ndalama zosungira nthawi yaitali ndi bwino kuzisandutsa chinthu chimene chimaswana kapena chosaola, monga nkhuku, mbuzi kapena malata, ndi chifukwa chake kuli kwanzeru kugula makope nthawi imene ndalama zilipo. Aphunzirenso malire ake: kusungira banja chimanga n'kololedwa, koma kubisa chakudya pa nthawi ya njala kuti mtengo ukwere ndi tchimo limene Mtumiki (S.A.W.) adaliletsa.

6. Ngongole, katapira ndi juga

Makolo ena amadandaula kuti ana awo akuphunzitsidwa masamu a chiwongoladzanja kusukulu pamene riba ndi yoletsedwa. Tikuti asiyeni aphunzire, ndipo aphunzire bwino. Swahaba Hudhaifah bin Al-Yaman ankafunsa Mtumiki za zoipa pamene anzake ankafunsa za zabwino, poopa kuti zoipazo zingamupeze asakuzidziwa. Mwana wodziwa masamuwa ndi amene angaone msampha. Tiyerekeze munthu wakongola K10,000 ya katapira, pa pangano lobweza ndi theka pamwamba pakutha pa mwezi. Mwezi woyamba ngongole ndi K15,000. Akalephera, mwezi wachiwiri ndi K22,500, wachitatu K33,750. M'miyezi itatu yokha ngongole yapitirira katatu, ndipo ukonde, njinga kapena munda zapita. Mwana amene wawerengera yekha zimenezi adzamvetsa chifukwa chake ndime 275 mpaka 279 za Surah Al-Baqarah zili ndi mawu oopsa chotero pa riba, pamene malonda zikuwaloleza.

Aphunzire kufunsa funso limodzi pa gulu lililonse losunga ndalama: kodi wokongola amabweza zomwe adatenga, kapena ndi zina pamwamba? Chipereganyu, pamene anthu amasonkha mofanana n'kumalandira mosinthanasinthana, chilibe choonjezera. Koma banki mkhonde imene imakongoza mamembala ake ndi chiwongoladzanja yalowa mu riba, ngakhale phindulo azigawana okhaokha pakutha pa chaka. Magulu a amayi a Chisilamu angathe kusunga pamodzi, kukongozana popanda choonjezera, ndi kupeza phindu pogula katundu n'kugulitsa. Ana akuluakulu adziwenso kuti m'dziko muno mudayamba njira zosungira ndalama motsatira Shari'ah, monga gawo la Salama limene banki ya FDH idatsegula.

Pafupi ndi riba pali juga, imene Surah Al-Ma'idah, ndime 90 ndi 91, yaiika pamodzi ndi mowa. Lero juga siili pansi pa mtengo pokha. Yalowa m'foni m'dzina la kubetcha mpira. Malamulo a dziko saloleza mwana wosakwana zaka 18 kubetcha, koma foni siona nkhope. Muuzeni mnyamata alembe ndalama zonse zimene mnzake wobetcha waika m'mwezi umodzi ndi zonse zimene wapata. Wopambana amalengeza, oluza amakhala chete, ndipo chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Pa foni pomwepo palinso akuba. Kuyambira pamene Airtel Money idayamba mu 2012 ndi Mpamba ya TNM mu 2013, ndalama zambiri za m'mabanja mwathu zimayenda pafoni, ndipo kawirikawiri wogwira foniyo ndi mwana. Adziwe kuti nambala yachinsinsi siuzidwa munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani. Kuti uthenga wonena kuti «ndalama ija tumizani pa nambala iyi» suyankhidwa asanafunse mkulu. Ndi kuti potapa ndalama ayenera kudziwa zimene zatumizidwa, zimene zadulidwa ndi zimene walandira, n'kukapereka zonse kwa mwini wake. Ndalama za agogo zimene zadutsa m'manja mwake ndi amanah.

7. M'chuma chako muli gawo la ena

Phunziro la ndalama lopanda mfundo iyi limabala munthu wochenjera koma wouma mtima. Mwana azolowere kupereka sadaka kuchokera m'ndalama zake, osati zongopatsidwa pakhomo la mzikiti kuti akaponye. Aphunzire kuwerengera zakaat: ndalama zikafika pa nisab, imene ndi mtengo wa magalamu pafupifupi 85 a golide kapena 595 a siliva, n'kukhala chaka chathunthu, amapereka gawo limodzi mwa magawo 40, ndiko kuti K25,000 pa K1,000,000 iliyonse. Adziwe kuti ambiri mwa akuluakulu amene akuwaona lero ali aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki adaphunzira ndi thandizo la zakaat kudzera m'mabungwe monga Islamic Zakaat Fund, ndipo iye akadzapeza, udzakhala udindo wake kukweza wina.

Aphunzirenso magawo a chuma cha masiye monga alili mu Surah An-Nisa, ndime 11, 12 ndi 176: theka, limodzi mwa magawo anayi, limodzi mwa magawo asanu ndi atatu, ndi ena otero. Amenewa ndi masamu omwe aja a m'kalasi. Katswiri Muhammad bin Musa Al-Khwarizmi, amene adakhala ku Baghdad m'zaka za m'ma 800 ndipo dzina la phunziro la algebra lidachokera ku mutu wa buku lake, adapereka gawo lalikulu la bukulo ku masamu a chuma cha masiye. Mwana wamasiye wodziwa gawo lake, wodziwanso kuti lamulo la dziko la 2011 lokhudza chuma cha masiye lidaika kulanda chuma chotere kukhala mlandu, savuta kumuteteza.

Kodi sitiwaphunzitsa kukonda dziko?

Ena adzafunsa funso limeneli, ndipo ndi funso loyenera. Yankho lake ndi lakuti mwana wa kudoko adayamba kale kuzikonda ndalama; chimene sadaphunzire ndi kuzilamulira. Surah Al-Isra, ndime 26 mpaka 29, ndi Surah Al-Furqan, ndime 67, zikuletsa mbali zonse ziwiri, kumwaza ndi kuumira, ndipo zikuyamikira njira ya pakati. Abdur-Rahman bin Auf atasamukira ku Madinah wopanda kanthu adakana kugawiridwa chuma cha m'bale wake wa Chiansari, napempha kuti amuonetse msika. Adalemera, ndipo adali mmodzi mwa opereka kwambiri pa njira ya Allah. Kudziwa ndalama sikudamuchotsere taqwa.

Tichenjezenso mbali ina. Kuyesa mwana sikutanthauza kumuchotsa m'kalasi kuti akagulitse zitumbuwa kapena kumukweza m'boti usiku. Kuyesa kumachitika ndi ndalama zochepa, pa nthawi yopuma, pamaso pa kholo. Amene wasandutsa mwana wake wantchito m'dzina la kumuphunzitsa geni wadya nkhwangwa ya mwanayo, pakuti mpamba wake waukulu ndi sukulu.

Ntchito ya aliyense

Makolo: yambani sabata ino. Mpatseni mwana ndalama za ndiwo za tsiku limodzi, akagule, abwere ndi chenji ndi malongosoledwe. Akakhoza kawiri katatu, mpatseni za masiku atatu. Akalakwitsa musamunyoze, kuluza K500 ali ndi zaka 11 ndi fizi yotsika mtengo poyerekeza ndi kudzaluza boti ali ndi zaka 30. Atsikana ayesedwe mofanana ndi anyamata; Mayi Khadijah (R.A.) adali mwini malonda amene adalemba ntchito Mtumiki weniweniyo. Inu amene muli ku Joni, potumiza ndalama nenani momveka kuti izi ndi za chakudya, izi ndi za sukulu, ndipo funsani kope.

Aphunzitsi a sukulu: tengani zitsanzo padoko ndi pamsika wa kwanuko. Makomiti a sukulu ndi magulu a amayi oyang'anira atsikana akambirane nkhaniyi pa misonkhano yawo.

Ma mu'allim a madrasa: pambali pa twahara ndi swalah, patulani nthawi ya malamulo a kugula ndi kugulitsa, a ngongole, a muyeso wachilungamo monga ikuchenjezera Surah Al-Mutaffifin, ndi a zakaat. Khalifa Umar bin Al-Khattab (R.A.) sankafuna kuti munthu azigulitsa mumsika wa Asilamu asanaphunzire malamulo ake.

Makomiti a mizikiti: lengezani poyera zopereka za Lachisanu ndi mmene zagwirira ntchito. Ana amene akhala kumbuyo kwa saf akumva, ndipo akuphunzira kuti ndalama za anthu zimawerengedwa pamaso pa anthu.

Abale ndi alongo, m'mera mpoyamba. Tsiku likubwera pamene maboti, maukonde, mashopu ndi minda zimene tikuvutikira lero zidzakhala m'manja mwa ana amenewa, ife tili m'manda. Chimene adzachite nazo chikukonzedwa panopa, ndi K500 imene ili m'thumba la yunifolomu.

Tikupempha Allah atipatse rizq la halal ndi kutidalitsira m'menemo, atitalikitse ku riba, juga ndi ngongole zolemetsa, awapatse ana athu rushd m'chipembedzo chawo ndi m'chuma chawo, ndipo atipeputsire mafunso a tsiku la chiweruzo. Ameen.